Mizere Itatu ya Choko pa Lupanga la Agogo

"Mbiri sidulira tiyi, iwe! Chodulira tiyi ndi chitsulo!"

Amenewo anali ankolo Edisoni, alongo awo a mayi anga, ataima pabwalo pathu ku Chimaliro, dzanja lina lupanga, dzanja lina choko. Anakuwa mwakuti agalu a ku Nsabwe anayankha.

"Koma ankolo, limenelo ndi lupanga la nkhondo," ndinatero. "Linapha anthu fote tsiku limodzi."

"Sabata yatha unati thwente."

"Enawo ndinali ndisanawawerenge."

Mayi anaseka ali kuseri kwa nyumba, koma ankolo ayi. Analigoneka pabenchi n'kulemba mizere itatu ya choko, woyamba pafupi ndi chigwiriro, inayo motsatana cha kunsonga. Ankati alipititsa kwa mkulu wowotcherera zitsulo pa Luchenza akalidule ndi galayinda m'mizeremo, patuluke mipeni itatu yodulira tiyi. Nyengo yodulira inali itafika, ndipo mpeni wawo unali utatha ngati sopo wa kubafa la anthu ambiri.

Ndikufotokozereni kaye, poti mwina simukutidziwa. Ine ndine Yamikani, ndalemba mayeso a Fomu 4 chaka chino, ndikudikira zotsatira zomwe zigwedeze dziko. Kwathu kuno chinthu ngati lupanga chimachoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Linayamba ndi agogo Mukhwapa amene anachokera ku Mozambiki kalekale, n'kumatsika choncho mpaka linafika kwa ankolo chaka chatha, amalume awo atamwalira. Wotsatira pamzerepo ndi ine. Ndiye mukuona, chomwe ankafuna kudula chinali cholowa changa, ine ndikuyang'ana.

Mayi amati agogo Mukhwapa ankanyamula machila a msilikali wamkulu wa Chipwitikizi, ndipo tsiku lina atatopa ndi zikoti anatula machilawo, n'kutola lupanga, n'kuliyatsa liwiro osacheuka mpaka kuno. Ankolo ankati imeneyo ndi nthano. Kwa iwo chinali chitsulo cha alonda akale a pa esiteti, chosulidwa ndi munthu wina pansi pa mtengo.

"Aphunzitsi athu a mbiri anandiuza kuti ku Zomba kuli a Sajeni Mulewa," ndinawauza. "Anasunga zida za asilikali zaka zambirimbiri asanapume. Akangoliona anena amene analipanga ndi komwe linachokera. Ndipatseni masiku awiri basi."

"Upite wekha? Iweyo? Ukabwerako udzati linagwa kumwamba. Tipita tonse, ndikamve ndi makutu angawa. Koma tamva: Lachisanu dzuwa lisanalowe ndikhale ndili pakhomo, ine Sabata sindiyambira m'minibasi. Akakanena kuti ndi chitsulo wamba, kaya tikapanda kuwapeza, pobwera titsikira kwa wowotcherera."

Ndinavomera. Ya transipoti yanga ndinagulitsa nkhunda zanga zonse, kupatula imodzi yotsimphina yomwe wogula anaikana.

Lachitatu masana ndinachita chinthu chomwe panthawiyo ndinkachiona ngati nzeru za ku yunivesite. Lupangalo linali bii, dzimbiri ndi mwaye wa zaka zonse zomwe linakhala kudenga. Kwathu mlendo akamabwera poto amakwechedwa mpaka munthu kudziona nkhope, nanga ine ndikanapita bwanji kwa a Sajeni ndi chinthu chonyansa? Ndinatenga phulusa, mchenga wa kumtsinje, mandimu anayi ndi waya wokwechera mapoto. Ndinakwecha maola atatu. Pachitsulopo panali timaluwa tina ndi tizilembo tosaoneka bwino, ine ndinkati ndikalimbikira kukwecha tioneka. Tinangochepera. Koma kuwala kwake, anthuni! Ndege ina inasochera. Ankolo atabwera anangoti, "Wandichepetsera ntchito," n'kulembanso mizere yawo ija.

Lachinayi tinalawira. Lupanga tinalikulunga m'chisaka n'kuliika pakati pa nzimbe khumi, tinamanga ndi mphira kumutu ndi kumiyendo. Tinakwera kabaza awiri mpaka pa Luchenza. Wanga anali ndi njinga yopanda mabuleki, potsetsereka ankagwiritsa ntchito chidendene ndi pemphero.

Siteji ili moyang'anana ndi shedi ya wowotcherera uja. Atangotiona anatukula magalasi ake akuda.

"A Edisoni! Mwabweretsa katundu uja?"

"Mawa madzulo, achimwene. Galayinda ikhale ili tcheru."

Mkuluyo anailiza dala galayindayo, ngweee, moto n'kuthetheka. Ine ndinakumbatira nzimbe zanga ngati mwana wodwala.

Minibasi ya ku Limbe tinaipeza ili ndi anthu sikisi. Kondakitala anati, "Atsala awiri, tikunyamuka pompano." Titakhala pansi, anayi mwa sikisi aja anatsika, anali anyamata ongodzazitsa mipando. Tinadikira mpaka kalongonda, nyemba zochedwa kupsa zija, akanakhala pamoto akanapsa. Kondakitala ankafuna nzimbe ziikidwe kubuti, ine ndinakana. Anati ndiye zilipire mpando. Ankolo anakangana naye mpaka zinathera pansi pa miyendo yathu, kumutu kwake kukugunda akakolo a mayi wina wonyamula beseni la mapeyala.

"Nzimbe zanji zolemera ngati njanji?" mayiyo anadandaula.

"Za mbewu yatsopano," ndinayankha. "Zili ndi ayironi wambiri."

Ankolo ananditsina pantchafu.

Tinadutsa minda ya tiyi, tiyi, tiyinso, zomwe kwa ife si nkhani. Titapitirira pa boma, tisanafike ku Bvumbwe, tinapeza apolisi atatseka msewu. Wapolisi wina wamkazi anasuzumira pazenera, anayang'ana mabeseni, matumba, kenako maso ake anaima pa mtolo wathu.

"Mwini nzimbezi ndani? Pakatipo pali chiyani chokulungidwa?"

"Nzimbe zokhazokha, bwana," ndinatero ine.

"Pali lupanga," anatero ankolo nthawi yomweyomweyo.

Musamayende ndi mkulu wa mpingo ngati muli ndi chobisa. Mayi wa mapeyala anakokera miyendo yake kumtima n'kuyamba kunena kuti iye anadziwa kale, nkhope yanga si ya munthu wabwino. Tinatsitsidwa. Dalaivala anadikira mphindi zisanu, kenako kondakitala anatiponyera chenji cha njira yotsala, minibasi n'kumapita.

Apolisi anatikhazika pabenchi pambali pa msewu. Anamasula mtolo, lupanga linawala padzuwa mpaka galimoto zitatu zinachepetsa liwiro zokha. Anaitana wamkulu wawo, bambo wa ndevu za imvi. Iye anaona zitupa zathu, anatifunsa mafunso padera padera, ine uku ankolo uko. Ndinafotokoza zonse kuyambira pa machila. Za anthu fote ndinaona kuti pamalo pake si pamenepa.

Bambo uja anatenga nzimbe imodzi, anaigoneka pamwala n'kuitema ndi lupangalo. Nzimbe inangophwanyika pang'ono osaduka.

"Ili silingadule ngakhale papaya lakupsa," anatero. Analemba mayina athu m'buku, anatipatsa kapepala kosonyeza kuti aliona, n'kutiuza kuti tilikulunge bwino tisaopseze anthu. "Mukakamva komwe linachokera mudzatiuze pobwera."

Ankolo anali ngati apambana mlandu. "Wamva? Ngakhale papaya! Tiye tibwerere dzuwa likadalipo, tisataye ndalama."

"Munati masiku awiri, ankolo. Mkulu wa mpingo sabweza mawu."

Ankolo anaimika minibasi yopita ku Limbe.

Mu Limbe tinafika masana. Oitanira anatizungulira ngati ntchentche pa usipa, wina wagwira nzimbe, wina wagwira malaya a ankolo, wina akukuwa kuti yake ndi ekisipulesi, Zomba ola limodzi. Mtengo anatchula wina pakhomo, titakhala pansi n'kutchula wina, ati mafuta avuta. Ankolo anawalalikira za sikelo zachinyengo mpaka kondakitala anatichotsera faifi handiredi kuti angokhala chete.

Ekisipulesi ija inafera pa Namadzi. Inatsokomola kawiri, inatulutsa utsi wokwanira kuumitsa fodya wa mudzi wonse, basi. Dalaivala anatsegula pansi pa mpando wake, anayang'anamo ngati akuwerenga kalata ya maliro, n'kunena kuti lamba waduka, mnyamata akubwera naye kuchokera ku Limbe, mphindi thwente. Mphindi thwente za dalaivala mumazidziwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu maola atatu.

Apa ndiye panaonekera vuto lina la kuyenda ndi munthu wopemphera. Ana a mayi wina anayamba kulira njala, ankolo anasolola nzimbe imodzi n'kuwapatsa. Mkulu wina wa jekete anati, "Abale, kukhosi kwauma," ankolo anasololanso. Atsikana awiri a sukulu ya unamwino, dalaivala, kondakitala, ngakhale munthu wongodutsa ndi mbuzi yake, aliyense analandira.

"Ankolo, mukudya chobisalira chathu," ndinanong'ona.

"Wopatsa mokondwera, iwe. Ndiponso tili ndi kapepala."

Lamba atafika, pa nzimbe khumi zija zinatsala ziwiri. Mtolo wathu tsopano unkaoneka ndendende ngati lupanga lomwe laperekezedwa ndi nzimbe ziwiri. Tikukweranso, mkulu wa jekete uja anasamukira kumpando wakutsogolo osatsanzika.

Ku Zomba tinafika dzuwa litapendeka. Aphunzitsi anandilembera kuti nyumba ili kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira. Zigayo tinapeza zitatu, mageti obiriwira sikisi. Pa geti lachisanu anatuluka mtsikana atabereka mwana.

"A Sajeni? Aaa, anasamuka chaka chatha. Miyendo inayamba kuwavuta, ndiye mwana wawo anawatengera ku Jali. Mukakafika pamsika mukangofunsa, aliyense amawadziwa."

Ankolo anatulutsa mpweya wautali. "Basi. Tayesa. Sitinawapeze. Pangano lija ukulikumbuka."

Ndinaona m'maganizo galayinda ija ikudya mzere woyamba. Tinakagona kwa mnzawo wa ankolo wa mpingo wawo, ndipo m'mawa wa Lachisanu titatsanzika ankolo analunjika kudepoti ya minibasi za ku Limbe. Ine ndinafunsa munthu wogulitsa nyuzi kuti msewu wa ku Jali ndi uti. Anandilozera. Ndinasenza mtolo wanga n'kuyamba kuyenda.

"Iwe Yamikani! Ukupita kuti?"

"Ku Jali, ankolo. Masiku awiri sanathe."

"Wapansi? Ukudziwa kutalika kwake?"

"Agogo Mukhwapa anachoka ku Mozambiki wapansi, ndiponso akuthamangitsidwa."

Sindinacheuke, koma makutu onse anali kumbuyo. Ndinayenda mpaka nyumba zinayamba kuchepa. Ndikanena kuti anali makilomita khumi mundikana, ndiye tingoti awiri. Kenako kagalimoto kena kanaima pambali panga. Kanali ka anthu seveni, koma munali anthu thwelofu ndi tambala. Ankolo anatulutsa mutu pazenera.

"Lowa, mutu ngati mwala wa mphero. Koma ikangokwana thwelofu koloko tikunyamuka, kaya munthuyo ali pakati pa chiganizo. Dalaivala akuti kuchokera ku Jali tingathe kudzera ku Phalombe n'kutulukira ku Mulanje, ndi pafupi."

Ndinakhala theka pamwendo wa ankolo, theka pa thumba la mpunga. Lupanga linalowa chopingasa, chigwiriro kwa dalaivala, nsonga kwa tambala.

Pa Jali mtsikana uja sananame. Woyamba kumufunsa, wokonza njinga, anangoti, "A Sajeni a wailesi?" n'kutilozera nyumba ya njerwa zowotcha. Tinawapeza pakhonde, nkhalamba yowongoka ngati mlongoti, malaya ositidwa, nsapato zopolishidwa ngakhale ankayenda ndi ndodo. Wotchi ya ankolo inkati leveni koloko.

Ine ndinayamba kumasula mphira tisanamalize n'komwe moni.

"Mnyamata, siya," anatero a Sajeni. "Pakhomo pano chitsulo sichituluka tiyi asanamwedwe."

Mwana wawo anabweretsa tiyi. Ankolo anayang'ana kapu, anayang'ana wotchi.

"Pepani bambo, ife a Sabata sitimwa tiyi."

"Mwati mumachokera kuti?"

"Ku Thyolo."

"Mumalima chiyani?"

"Tiyi."

A Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. "Ndaona zambiri pa moyo wanga, koma msilikali wosenza zipolopolo n'kumadana ndi mfuti ndamuona lero." Anaitanitsa madzi otentha a ndimu. Ine ndinamwa makapu awiri, wanga ndi wa ankolo, kuti nkhani ifulumire. Lilime linapsa, mpaka pano silinabwerere.

Hafu leveni inali itadutsa pamene a Sajeni anayala nsalu patebulo n'kuti, "Tulutsa." Analinyamula ndi manja awiri, analiika pachala kuona pomwe likulemera, analiyang'ana kuchokera kuchigwiriro mpaka kunsonga ngati mmisiri akuona thabwa. Kenako analinunkhiza.

"Ndimu," anatero. "Ndi phulusa. Wakwecha ndani?"

Ine ndinayang'ana tambala wa pabwalo.

"Ndafunsa."

"Ndine, bambo. Kuti lioneke bwino."

"Lioneke bwino! Mwana iwe, dzimbiri linasunga zilembozi zaka zoposa handiredi, iwe wazipha tsiku limodzi. Ukuona apa?" Analoza pafupi ndi chigwiriro, pomwe panatsala timizere ngati mapazi a nyerere. "Apa ndi pomwe wopanga amalemba dzina lake. Timaluwa iti timanena gulu la asilikali. Lupanga si poto. Chinthu chakale umachipukuta ndi kansalu ka mafuta, basi. Ukanakhala msilikali wanga ukanathamanga ndi tebulo ili pamutu mpaka ku Zomba."

Ndinali nditayenda ulendo wonsewu kudzapulumutsa lupanga kwa ankolo, chonsecho woyamba kulivulaza ndinali ine.

A Sajeni anatenga galasi lokuzira zinthu. "Tiyeni tione chomwe watisiyira. Choyamba, ili si la Angerezi. Awo pachotchinga dzanja amaika zilembo za mfumu yawo, ndipo ambiri amakhala ndi kabatani ka mkuwa apa pachitsulo. Ine ndagwira ambirimbiri otere pa perete. Ili lilibe."

Ankolo anaimirira n'kukonza jekete. "Mwamva. Si la asilikali. Zikomo bambo, tisakuchedwetseni."

"Khalani pansi, a tiyi. Ndati si la Angerezi. Kodi dziko lapansi lili ndi Angerezi okha?"

Ankolo anakhala. Wotchi inkati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu.

Nkhalamba inatembenuza lupanga n'kuyang'ana m'kati mwa chotchinga dzanja, mokhota momwe zala zanga zinalephera kufika. Munali mukadali bii. "Mulungu adalitse ulesi wako," anatero. Anatuma mwana wawo kukatenga mafuta a makina osokera ndi mswachi wakale. Anadontheza, anapukuta pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. M'litsiromo munayamba kutuluka chithunzi: chishango, m'kati mwake tizishango tisanu tating'ono, pamwamba pake chisoti chachifumu.

Anandipatsa galasi. "Werenga tizishangoto."

"Tisanu."

"Usawonjezere?"

"Tisanu basi, bambo."

"Chimenecho ndi chizindikiro cha Apwitikizi. Ndipo chisoticho chikutiuza nthawi. Iwo anathetsa ufumu mu 1910, kuyambira pamenepo chisoti anachichotsa pa zida zawo. Ndiye ili ndi la kale kuposa pamenepo, ndipo ndi la ofisala, msilikali wamba sankapatsidwa chigwiriro chokulungidwa waya chonchi."

Ndinayang'ana ankolo. Iwo ankayang'ana pansi.

"Nanga wopanga?" ndinafunsa ndi mawu aang'ono. "Ndamufufuta?"

A Sajeni anasuzumira pafupi ndi chigwiriro. Pomwe chitsulo chimalowa m'chigwiriro panali kachikopa kouma, kakuda, komwe ine ndinkafuna kukachotsa Lachitatu lija koma kanakana. Anatenga singano n'kukatukula pang'ono pang'ono. Pansi pake panali chidindo chokhomedwa mozama, chosakhudzidwa ndi mchenga wanga. Anawerenga chilembo chimodzichimodzi, ine ndikulemba: S, O, L, I, N, G, E, N. Pamwamba pake panali dzina lina lalitali.

Anakoka buku lalikulu lopanda chikuto lomwe anati anapatsidwa ndi bwana wawo wina popuma ntchito. Ananyowetsa chala, anatsegula, anatsegula, thwelofu koloko inakwana n'kudutsa. Ankolo sanayang'anenso wotchi.

"Ili apa," anatero, chala chili pa chithunzi cha chidindo chofanana ndendende. "Umenewu ndi mzinda wa ku Jeremani, wa amisiri a mipeni. Ankasulira malupanga asilikali a mayiko ambiri, Apwitikizi omwe. Dzinali ndi la banja lomwe linali ndi fakitale." Analitchula. Ine ndinayesa kubwereza, lilime lopsa lija linakana, linkafuna girisi. Anandilembera papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndalisunga m'satifiketi yanga ya Sitandade 8.

Mtima unabwerera m'malo, ndipo pakamwa panatsegukanso. "Ndiye linapha anthu angati, bambo? Kungoyerekeza?"

"Palibe, ndikuganiza. Ili linali lodzionetsera pa perete. Taona, kuchokera kuchigwiriro mpaka pakati silinanoledwepo chibadwire. Za momwe agogo ako analipezera usandifunse, chitsulo chimanena komwe chinabadwira, sichinena manja omwe chinadutsamo." Anasuntha galasi cha kunsonga, pafupi ndi mzere wachitatu wa choko. "Koma apa pali nkhani. Mbali iyi wina anainola kalekale, osati ndi makina, ndi mwala, monga timanolera zikwanje kumudzi. Ndipo timano iti si ta nkhondo. Munthu ankatema nalo mitengo ndi nsungwi, kwa nthawi yaitali ndithu."

Ankolo anatambasula dzanja. A Sajeni anawapatsa lupangalo. Anayendetsa chala chachikulu pa timano tija, kamodzi, kawiri.

"Amalume ankanena," anatero motsitsa, osayang'ana aliyense. "Ankati agogo Mukhwapa anafika kwathu kuja alibe khasu, alibe nkhwangwa. Mitengo ya nyumba yoyamba, pomwe pali manda pano, anadula ndi chomwe anabwera nacho m'manja. Ine ndinkayesa nkhani za okalamba."

A Sajeni analoza pachitsulopo.

"Nanga mizere ya chokoyi ndi ya chiyani?" a Sajeni anafunsa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zonse, ndi zokometsera zomwe. Ankolo anandiyang'ana, ndinatseka. Anatulutsa kansalu kawo koyera ka kutchalitchi, anadonthezapo mafuta a makina aja, n'kupukuta mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu.

"Linagwira kale ntchito yake ya chikwanje," anatero. "Lipume."

Pobwerera tinathamanga ndi dzuwa. Nzimbe ziwiri zija tinawasiyira a Sajeni, iwo anatipatsa chikwama chakale cha ambulera ya pamsika choti tiikemo lupanga. Jali mpaka Phalombe pa kagalimoto kena, Phalombe mpaka Chitakale kumbuyo kwa lole ya nandolo, phiri lili kumanzere kwathu njira yonse. Ankolo analoza ndi chibwano n'kuti kuseri kwake ndi komwe agogo anachokera, kenako anatseka maso chifukwa cha fumbi. Amati chifukwa cha fumbi.

Pa Luchenza wowotcherera anatiwona tikutsika.

"A Edisoni! Galayinda yatentha kale!"

"Izizire, achimwene. Mundifunire chitsulo cha sipuling'i ya galimoto, Lamlungu ndibwera mudzandisulire mpeni."

"Nanga katundu uja?"

"Ali ndi mwini wake." Anandiponyera chikwamacho pachifuwa. "Koma akadzangolikhudzanso ndi mchenga, mudzadule iyeyo."

Tinalowa pabwalo dzuwa litatsala chala chimodzi pamwamba pa mabulugamu. Mayi atamva anangoti, "Nanga ndinkanena chiyani?" n'kupitiriza kusesa, koma anasesa malo amodzi katatu.

Dzuwa lisanalowe ndinajambula chidindo chija n'kuponya pa gulupu ya anzanga a Fomu 4, omwe kwa zaka zinayi akhala akumva za anthu fote. Ndinalemba kuti: "Lupanga lija chitsulo chake chinasulidwa ku Jeremani, linali la ofisala wa Chipwitikizi 1910 isanakwane. Silinaphe munthu ngakhale mmodzi. Agogo anadulira mitengo ya nyumba. Zilembo zina ndinafufuta ndekha ndi mchenga chifukwa cha umbuli."

Sipanathe mphindi, Mphatso, mnzanga wa pa desiki imodzi, anayankha:

"Amene mwatola foni ya Yamikani chonde bwezani, ndi ya mwana wosauka. Mwini wake sangalembe zoona zinayi zotsatizana."